Malipiro akachedwa, wantchito ndiye wakongoza kampani

Zaka zingapo zapitazo, munthu akanena kuti wapeza ntchito kuno ku Salima tinkadziwa kuti akunena za boma, za malo ogona alendo ku Senga Bay, za kumunda wa nzimbe kapena za bungwe lina lachitukuko. Masiku ano pawonjezeka mtundu wina wa olemba ntchito: timakampani tongoyamba kumene ta luso lamakono, timene eni ake amatitcha startup, tokhala ndi ofesi ya zipinda ziwiri cha ku Kamuzu Road, chikwangwani chowala pakhomo, malaputopu angapo, ndi lonjezo lakuti pulogalamu ya pafoni idzalumikiza mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu ndi wogula wa ku Lilongwe popanda venda kudyerapo pakati. Lonjezolo ndi labwino, ndipo ine sindili m'gulu la anthu amene amaseka achinyamata oyesa zinthu zotere. Koma ndidagwirapo ntchito m'kampani yamtunduwu pa nthawi imene inkamira, ndipo ndimacheza ndi anzanga amene akadali m'makampani ena ofanana nayo, moti ndili ndi mfundo imodzi imene ndaigwiritsitsa: kampani ikasiya kulipira antchito ake pa nthawi yake, antchitowo amasanduka anthu amene akuikongoza ndalama, ndipo mtsogoleri amene amawabisira mmene chuma chilili akuwalanda ufulu wosankha ngati akufunadi kukongoza kapena ayi.

Tiyeni tiwerengetsere bwinobwino. Munthu akagwira ntchito mwezi wathunthu koma osalandira kanthu mweziwo ukatha, ndalama imene imayenera kulowa m'thumba mwake yatsala m'manja mwa kampani, ndipo kampaniyo yaigwiritsa ntchito kulipira lendi ya ofesi, kugula bandulo ya intaneti ndi kuthira mafuta m'galimoto ya abwana. Banki ikadati ipereke ndalama yomweyo, ikadafuna kaye kuona mabuku a kampani, ikadafuna chikole, ndipo ikadaikapo chiwongoladzanja chowawa, pakuti mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo bizinesi yaing'ono nthawi zambiri imabwereka modula kuposa pamenepo. Wantchito yekha ndiye amakongoza popanda chikole, popanda chiwongoladzanja, popanda tsiku lobweza, ndiponso osafunsidwa n'komwe. Choipitsitsa n'chakuti ndalama yathu siidikira munthu. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene adali ndi malipiro otsalira pa nthawi zimenezo, ngakhale adadzawalandira onse pambuyo pake, adalandira ndalama yosakwaniranso kugula zimene ikadagula pa tsiku lake. Pa miyezi yodikirayo mwini nyumba sadikira, sukulu ya mwana siidikira, chotero wantchitoyo amathamangira ku banki m'khonde kapena kwa wakatapila. Zikatero ndiye kuti akubwereka modula kuti akongoze abwana ake kwaulere.

Ndisanapitirire, ndiwachitire chilungamo eni makampaniwa, chifukwa mavuto awo si ongopeka. Pulogalamu ya pafoni nthawi zambiri imakhala pa seva, makompyuta akuluakulu a kunja amene amalipiridwa m'madola, ndipo aliyense amene adayesapo kupempha madola ku banki m'zaka zapitazi akudziwa kuti munthu amatha kudikira mpaka tsiku lolipira kudutsa. Mafuta a njinga zamoto zoyendera alimi amasowa, antchito n'kumachezera pamzere kumalo omwetsera mafuta. Magetsi nawo ndi nkhani ina: namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ife a ku Salima tinkakhala mumdima ngakhale kuti m'boma lathu lomweli muli malo opangira magetsi a dzuwa a JCM a mamegawati 60, pakuti magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse. Kuwonjezera apo, ndalama zimene anthu akunja ankathira m'makampani a luso lamakono mu Africa zidachepa kwambiri kuyambira mu 2023, ndipo ngakhale makampani odziwika a ku Kenya monga Sendy, imene idatseka mu 2023, ndi Copia, imene idagwa mu 2024, sadapirire. Ngati adagwa a ku Nairobi amene adali ndi mamiliyoni a madola, kugwa kwa kakampani ka ku Salima si chinthu chochititsa manyazi. Makampani ambiri amtunduwu amafa kulikonse padziko lapansi, ndipo woyambitsa aliyense amayamba akudziwa zimenezi.

Kusowa ndalama ndi tsoka, koma zimene mtsogoleri amachita ndalamazo zikasowa amasankha yekha. Kumene ine ndinkagwira ntchito, Lolemba m'mawa tinkasonkhana mozungulira foni imodzi yoikidwa patebulo, abwana akulankhula kuchokera ku Lilongwe, mawu akudukaduka chifukwa cha netiweki. Wina akalimba mtima n'kufunsa kuti, "Pepani bwana, nkhani ya malipiro ija ili pati?" yankho linkakhala lomwelija: "Achimwene, musade nkhawa, azungu oti athire ndalama aja avomera kale, kwangotsala kusainirana. Sabata yamawa zonse zikhala bwino." Sabata yamawayo ikakwana kunkabwera chifukwa china, mwina banki yachedwetsa, mwina wosaina wapita kutchuthi. Mafunso atachuluka, mawu adasintha: tidayamba kuuzidwa kuti pano ndife banja limodzi, kuti amene akufuna malipiro otsimikizika akafunsire ntchito m'boma, kuti ofunsafunsa alibe masomphenya. Tidadzamva pambuyo pake, wowerengera ndalama atasiya ntchito, kuti azungu ajawo adali atakana kalekale, ndipo abwana ankangogula nthawi poyembekezera kuti mwina kwina kutuluka kanthu. Nthawi imene ankagulayo inali yathu. Sabata iliyonse imene idapita chifukwa cha mawu abodza inali sabata imene wina akadalemba kalata yofunsira ntchito kwina, wina akadasamukira m'nyumba yotsika mtengo ngongole isanakule, wina akadapita kumudzi kukasosa munda mvula isanagwe.

Kugawana chiopsezo si chinthu chachilendo kwa ife a m'mbali mwa nyanja. Alovi amene amalowa panyanja usiku ndi chilimira kukapha usipa salandira malipiro a pamwezi; amadziwa kuti tsiku lina adzabwerako chimanjamanja, ndipo palibe amene amaimba mlandu mwini ukonde chifukwa cha mwera. Koma boti likakocheza m'mawa usipa umayezedwa poyera pamchenga, ndowa zimawerengedwa aliyense akuona, za mafuta a injini zimachotsedwa, ndipo zotsalazo amagawana monga adapanganirana. Alovi amavomera kusenza nawo tsoka chifukwa amaona nawo nsomba. Woyambitsa kampani amene ndikumunenayu amafuna kuti antchito ake apirire ngati alovi, koma nsomba aziwerengera yekha kuchipinda.

Eni makampani ena amene ndakambirana nawo nkhaniyi ali ndi yankho limene siliyenera kunyozedwa. Amati, "Ndikawauza kuti kwatsala ndalama za miyezi iwiri yokha, mawa lomwe onse athawa, ndiye kuti ndaipha ndekha kampani imene mwina ikadapulumuka, ndipo onsewo ntchito yawathera." Mantha amenewa ndi omveka, ndipo n'zoona kuti ena adzachokadi. Koma tamverani bwino zimene mawuwa akuvomereza: akuvomereza kuti mwini kampani akudziwa kuti antchito ake sakadakhala akadadziwa zoona, ndipo akuwasunga powabisira. Kuchititsa munthu kupereka chake pomubisira chinthu chimene ukudziwa kuti chikadasintha maganizo ake ndi chinyengo, ngakhale cholinga chako chikhale chabwino chotani. Komanso chinsinsicho sichisungika. Salima ndi tauni yaing'ono. Mwini nyumba ya ofesi, mlonda ndi mnyamata wa kabaza amene amanyamula makalata amadziwa kuti zinthu zavuta antchito asanauzidwe. Amene ali ndi luso lofunidwa kwina, makamaka olemba mapulogalamu, amanunkhiza msanga n'kuchoka mwakachetechete, ndipo otsalawo amaphunzira kusakhulupirira chilichonse chochokera pakamwa pa abwana, ngakhale tsiku limene akunena zoona. Mtsogoleri amene amaika ziwerengero patebulo amataya anthu ena, koma otsalawo amatsala atasankha okha, ndipo angathe kupangana naye zenizeni, monga kugwira masiku atatu pa sabata kuti masiku enawo azisaka ganyu kwina.

Bodza la ndalama siliyenda lokha. Mtsogoleri amene akusowa ndalama ndipo sakufuna kuvomera amayamba kuthamangira kulikonse kumene kwamveka fungo la thandizo, ndipo kampani imasintha njira pafupipafupi. Mwezi uno tikugulitsa mpunga wa alimi. Abwana akakhala nawo pa msonkhano wina ku hotela ya ku Senga Bay n'kumva kuti mabungwe akufuna nkhani za kusintha kwa nyengo, mwezi wamawa tikutumiza mauthenga a zanyengo. Pakamveka za ndalama zothandizira amayi, pulogalamu yomweyo yasanduka ya magulu a amayi. Wolemba mapulogalamu amasiya ntchito ya miyezi ingapo ili pakatikati n'kuyamba ina, ndipo palibe chimene chimafika pamapeto. Ife tidaononga nthawi yaitali kukonza pulogalamu yokongola yofuna foni yamakono ndi bandulo, pamene alimi ambiri amene tinkawayendera ali ndi mafoni a mabatani, ndipo chimene adachizolowera ndi kudina manambala monga amachitira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Antchito a kumunda adanena zimenezi kuyambira pachiyambi, koma pulogalamu ya manambala siioneka bwino pa chithunzi cha pamsonkhano. Apa mpamene munthu amazindikira kuti kasitomala weniweni wa kampaniyo si mlimi, koma munthu wa ku ofesi ina yakutali amene amawerenga malipoti.

Ndipo malipotiwo amafuna ziwerengero. Mlimi amene adangolembetsa dzina pansi pa mtengo wa mango tsiku limene kudagawidwa zakumwa amawerengedwa ngati wogwiritsa ntchito pulogalamu, ngakhale sadagulitsepo ndi thumba limodzi lomwe. Wantchito wamng'ono amauzidwa kuti "akonzeko pang'ono" ziwerengero lipoti lisanatumizidwe, ndipo dzina lolembedwa pansi pa tsambalo limakhala lake. Matendawa si athu okha. Kampani ya Dash ya ku Ghana idatseka mu 2023 itasonkhanitsa madola oposa 80 miliyoni, nkhani zitamveka kuti ziwerengero za makasitomala ake zidali zokwezedwa. Ku America, Elizabeth Holmes, amene adayambitsa kampani ya Theranos, adapezeka wolakwa mu Januwale 2022 pa mlandu wonamiza anthu amene adaika ndalama m'kampaniyo za makina oyezera magazi amene sankachita zimene iye ankanena, ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zoposa 11. Chochititsa chidwi pa nkhani ya Theranos n'chakuti ena mwa amene adaulula zoona adali antchito achinyamata ongochoka kumene ku yunivesite, amene adaona kuti zotuluka m'makina sizikugwirizana ndi zonenedwa pamisonkhano. Mtsogoleri amene amanamiza omupatsa ndalama sangalephere kunamiza omugwirira ntchito, ndipo wantchito amene wauzidwa kukonza ziwerengero za lipoti wauzidwa kale mmene malonjezo a malipiro ake alili.

Amene amalipira mtengo waukulu pa zonsezi ndi wantchito wa kumunda, chifukwa ndiye nkhope ya kampani m'mudzi. Abwana amabwera kumudzi tsiku la alendo lokha, amajambulitsa ndi amfumu, n'kubwerera ku Lilongwe dzuwa lisanalowe. Mtsikana kapena mnyamata wa pa njinga yamoto ndiye adayenda khomo ndi khomo kukopa anthu kuti asagulitse mpunga kwa mavenda a sikelo yokayikitsa, apereke ku kampani, ndalama zidzalowa pafoni pakatha masiku atatu. Ndalamazo zikachedwa, chifukwa wogula wa ku Lilongwe adalipira koma ofesi idayamba yatsekera nazo dzenje lina, amene amafunsidwa ndi iyeyo. Ndidaona mnzanga wina ataimitsidwa panjira ya kusikimu ndi mayi wachikulire amene adapereka matumba ake a kilombero. Mayiyo sadakalipe. Adagwira chiwongolero cha njinga n'kunena kuti, "Mwanangu, ine kampaniyo sindiidziwa, ndimadziwa iwe ndi amayi ako. Feteleza ndigula ndi chiyani?" Mnzangayo adayankha zimene adauzidwa kuti aziyankha, zakuti sisitimu yavuta, pamene iye mwini adali asanalandire malipiro ndipo mafuta a njingayo adathira ndi ndalama yobwereka. Kampani ikafa, woyambitsa amalembetsa ina ya dzina latsopano, ndipo pamisonkhano amafotokoza zimene adaphunzira pa kulephera, anthu n'kuwomba m'manja. Wantchito wa kumunda amatsala m'dera lomwelo, amapemphera tchalitchi kapena mzikiti womwewo ndi anthu amene adataya mpunga wawo, ndipo bungwe lina likadzamulemba ntchito, anthu a m'mudzimo amakhala atamudziwa kale ngati uja adatinamiza.

N'chifukwa chiyani anthu ophunzira, ena omaliza ku mayunivesite a MUBAS, MUST kapena LUANAR, amapirira zoterezi miyezi yambirimbiri osalankhula? Mbali ina ndi kusowa kwa ntchito, zimene ndibwererenso. Koma mbali ina ndi ulemu umene tidaleredwa nawo. Tidaphunzira kuti wamkulu safunsidwa pagulu, ndipo ngakhale woyambitsa kampani akhale mnzathu wa kusukulu, akangokhala pampando timamuona ngati bambo, ndipo kufunsa malipiro ako omwe kumamveka ngati kupempha chifundo. Tamverani mmene timayambira: "Pepani bwana." Munthu akupepesa chifukwa chofunsa zake zomwe. Atsogoleri oipa amaudziwa ulemu umenewu ndipo amabisalamo. Amaika mlamu wawo kapena msuweni wawo pa mpando wa zachuma kuti mabuku asaonedwe ndi munthu wakunja kwa banja. Bodi ya kampani imakhala ya papepala chabe, ya anzawo awiri amene sakumana. Ndipo amagawa maudindo a mayina akuluakulu m'malo mwa ndalama, moti m'kampani ya anthu ochepa theka ndi mabwana a nthambi zopanda munthu wina. Ulemu weniweni wa kwathu sunali wa mbali imodzi. Mfumu imalandira ulemu, koma imakhalanso pabwalo n'kumva madandaulo a anthu ake, ndipo akuluakulu adanena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene akufuna kutchedwa bwana avomerenso kufunsidwa ngati bwana.

Pali chinthu china chimene achinyamata ambiri amauzidwa molakwika, chakuti startup ili ndi malamulo akeake. Malamulo a ntchito a dziko lino sasiyanitsa kampani ya mapulogalamu ndi sitolo ya simenti. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake, kuti wolipidwa pamwezi azilipidwa mwezi uliwonse ndi kupatsidwa kapepala kosonyeza zimene zachotsedwa, kuti sabata ya ntchito isapitirire maola 48, ndiponso kuti nthawi yoyesedwa isapitirire miyezi 12, choncho kusunga munthu zaka ziwiri ukumutcha wophunzira ntchito pamene akugwira ntchito yonse si nzeru zamakono koma kuzemba lamulo. Lamulo lomwelo limavomereza kuti wantchito angathe kusiya ntchito chifukwa khalidwe la bwana lapangitsa kuti kupitiriza kukhale kosatheka, ndipo kusiya koteroko kumaonedwa ngati wachotsedwa. Lamulo la penshoni, limene lidayamba mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2023, limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, ndipo ndalamazo zizitumizidwa ku kampani yosunga penshoni. Kampani imene ikumira imayamba kudya pamenepa, chifukwa wantchito saona msanga: pa kapepala ka malipiro zalembedwa kuti zachotsedwa, koma kumene zimayenera kupita sizidafike. Chimodzimodzinso msonkho wa pa malipiro wa PAYE umene umayenera kupita ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Za masheya amene abwana amalonjeza pakamwa pofuna kutonthoza anthu, ndingonena kuti sheya imene siidalembedwe m'kaundula wa kampani ndi nkhambakamwa, ndipo ngakhale yolembedwa, ya kampani imene ili ndi ngongole zoposa katundu wake, siigula ndi sopo yemwe.

Choncho wantchito amene malipiro ake ayamba kuchedwa achite monga amachitira aliyense wokongoza ndalama. Afunse, mwaulemu koma momveka, kuti ndalama zimene zilipo zikwanira miyezi ingati, ndipo amene akuyembekezeka kuthira ndalama adasaina chiyani. Apemphe kalata yosainidwa yovomereza kuchuluka kwa malipiro ake otsalira, chifukwa tsiku limene adzapite kwa mkulu woona za ntchito paboma, kapena ku bwalo la Industrial Relations Court ku Lilongwe, adzafunsidwa umboni, ndipo mauthenga a pa WhatsApp amatha kufufutidwa kapena kutayika limodzi ndi foni. Afunse yekha ku kampani yosunga penshoni ngati ndalama zake zikufika. Koposa zonse adziikire malire asanatope, akuganiza bwinobwino, kuti ikakwana miyezi yakutiyakuti ndisiya, chifukwa ngongole yamtunduwu ili ndi msampha wake: ikamakula munthu amaopa kuchoka poganiza kuti akachoka ndiye sadzaionanso, ndipo pokhalabe amangoikulitsa. Mafunsowa amamveka bwino akafunsidwa ndi antchito onse pamodzi kusiyana ndi mmodzimmodzi, pakuti mtsogoleri woipa amakonda kuitana munthu payekha, kumupatsa kangachepe mobisa ndi kumuuza kuti asauze anzake. Mmene abwana ayankhire mafunsowa ndi yankho lokwanira kale. Amene akuvutika koma ndi woona mtima amatsegula laputopu n'kukuonetsani. Amene amapsa mtima n'kuyamba kukamba za kukhulupirika wakuuzani zimene mumafuna kudziwa.

Ndikudziwa chimene wowerenga wina akunena mumtima: kulankhula n'kosavuta, koma ntchito kulibe, ndipo ndi bwino kudzuka m'mawa kupita ku ofesi yosalipira kusiyana ndi kukhala pakhomo pa makolo uli ndi digiri. Pali choonadi pamenepa chimene sindingachikane. M'kampani yaing'ono munthu amaphunzira zambiri msanga, chifukwa yemweyo amalemba pulogalamu, amayankha makasitomala, amakonza lipoti, ndipo ena mwa anzanga adapeza ntchito zabwino chifukwa cha luso limene adalitola m'chipwirikiti chomwecho. Sindikuuza aliyense kuti achoke mawa. Pali anthu amene angasankhe kukhala, mwina chifukwa alibe ana, amagona kwa achibale, ndipo akuona kuti zimene akuphunzira zikuposa zimene akutaya. Kusankha kotero n'kwanzeru ngati munthu wakuchita maso ali otsegula. Koma tizindikire kuti phindu la kuphunziralo siligawidwa mofanana. Wolemba mapulogalamu amachoka ndi luso limene angagulitse ku Lilongwe, ku Blantyre, ngakhale kunja kudzera pa intaneti. Wantchito wa kumunda, mlonda ndi mayi wosesa mu ofesi amachoka ndi ngongole basi. Komanso pali malire a zimene munthu angaphunzire kwa mtsogoleri woipa. Akakhalitsa amayamba kuona kukonza ziwerengero ngati chinthu wamba, amazolowera kuuza makasitomala kuti sisitimu yavuta, ndipo tsiku limene adzayambitse kampani yakeyake adzachita zimene adaona.

Mtsogoleri wabwino amadziwika bwino pa nthawi yotseka. Amaona patali kuti ndalama sizifika, amadzidula yekha malipiro asanadule a mlonda, amagulitsa galimoto asanadye penshoni ya anthu, ndipo amatseka kampani ikadali ndi zokwanira kulipira alimi, malipiro otsalira ndi ndalama zimene lamulo limapereka kwa wochotsedwa ntchito amene wagwira chaka kapena kupitirira. Amalembera antchito ake makalata aumboni ndi kuwaimbira mafoni anzake amene angawalembe ntchito. Amaganiziranso za mayina, manambala a foni, manambala a ziphaso za unzika ndi malo a minda ya alimi zimene kampani idasonkhanitsa, chifukwa zinthu zimenezi siziyenera kutsala pa laputopu imene wina watenga m'malo mwa malipiro ake, kapena kugulitsidwa kwa obwereketsa ndalama pafoni. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act, limene MACRA imayang'anira, ndipo udindo wosamala zinsinsi za anthu sutha chifukwa choti chikwangwani chatsitsidwa. Kutseka kotere kumawawa, chifukwa kumafuna kuti munthu avomere kugonja akadali ndi kachiyembekezo kakuti mwina mwezi wamawa zisintha. Koma miyezi yowonjezera imene mtsogoleri wouma mutu amaipeza amaigula ndi ndalama za anthu amene sadavomere kumugulira.

Ena amene ali ndi mbali pa nkhaniyi ndi opereka ndalama ndi akuluakulu a paboma. Mabungwe amene amapereka mphoto ndi thandizo kwa makampani achinyamata amafunsa kwambiri za chiwerengero cha alimi ofikiridwa, cha amayi ndi cha achinyamata, koma kawirikawiri safunsa ngati antchito a kampaniyo adalandira malipiro a mwezi watha. Kufunsa umboni wakuti malipiro, penshoni ndi msonkho zidaperekedwa, asanatulutse gawo lotsatira la ndalama, sikungawatengere tsiku lathunthu, ndipo kucheza ndi wantchito wa kumunda abwana palibe kungawauze zambiri kuposa lipoti la masamba makumi angapo. Khonsolo ya boma nayo ili ndi mpata, chifukwa amene akufuna kugwira ntchito m'midzi amayamba afotokoza zolinga zawo ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma asanapite kwa mafumu. Pamenepo, zithunzi zokongola zikatha kuonetsedwa, wina afunse kuti pakati pa tsiku limene wogula walipira ndi tsiku limene mlimi walandira, ndalama ya mlimiyo imagona mu akaunti iti, ngati akauntiyo ndi yosiyana ndi imene kampani imalipirira lendi ndi mafuta, ndiponso ndani amene amasaina kuti ituluke.